Pacman akakana musamukakamize

Pali langizo lina limene ndikaliona m'magulu a anthu a Linux mutu umandiwawa. Munthu walemba kuti akufuna kuika pulogalamu pa Arch, mtundu wina wa Linux, koma pacman, chida choikira mapulogalamu kumeneko, akukana, akuti "could not satisfy dependencies", kutanthauza kuti zinthu zimene mapulogalamu amadalira sizikukwanira. Mphindi zisanu sizinathe, wina wayankha kale: "Ingowonjezera -dd, zilowa." Ndipo zimalowadi, poti -dd imauza pacman kuti asaonenso zimene mapulogalamu amadalira. Wofunsa uja amathokoza, amaika kachizindikiro ka mtima, onse n'kubalalika. Zimene zimaichitikira kompyuta ija mawa lake woyankhayo sazimva, poti mwini wake amakhala alibenso polembera.

Ndikudziwa bwino chifukwa ine ndinali wofunsa wa mtundu umenewu, ndipo langizolo ndinadzipatsa ndekha.

Munali mu 2024. Laputopu yanga ina inali itakhala miyezi iwiri osaiyatsa, ndiye usiku wina ndinaifuna mwachangu. Ndinalemba pacman -S ndi dzina la pulogalamu imene ndinkafuna. Mirror yoyamba, ndiye kuti seva yotsitsako mapakeji, inati 404, kutanthauza kuti fayiloyo palibe. Yachiwiri 404. Yachitatu chimodzimodzi, mpaka sikirini yonse kudzaza ndi nambala imodzimodziyo. Chifukwa chake n'chosavuta: mndandanda wa mapakeji umene unali pa laputopu yanga unali wa miyezi iwiri yapitayo, pamene ma mirror anali atachotsa kalekale version imene ine ndinkaipempha. Chinthu choyenera chinali pacman -Syu, kuapudeta zonse. Koma nditaona kuchuluka kwa mapakeji odikira kutsitsidwa ndinagwa ulesi. Ndinati ine ndikufuna kapulogalamu kamodzi, osati dziko lonse.

Ndinalemba pacman -Sy ndi dzina lija, kuti atsitse mndandanda watsopano n'kuika pulogalamu yokhayo. Apa pacman anaima. Anati pulogalamuyo ikufuna icu yatsopano (icu ndi laibulale, code imene mapulogalamu ambiri amagawana), koma kuika icu yatsopanoyo "breaks dependency", natchula mapakeji angapo amene ankadalirabe yakale. Uthengawo ndinauwerenga ngati mmene munthu amawerengera chikwangwani choletsa kudutsa pamene iye waona kale njira yachidule. Ndinaika icu ndi -dd. Inalowa bwinobwino. Pulogalamu yanga nayo inalowa, n'kutseguka. Ndinadziona ngati katswiri kwa mphindi mwina khumi, kufikira nditafuna kutsegula pulogalamu ina n'kuona kuti palibe chikuchitika. Ndinabwerera ku terminal kuti tsopano ndiapudete zonse monga zinayenera kukhalira poyamba, ndipo pacman mwini wakeyo anandiyankha kuti "error while loading shared libraries: libicuuc.so.74". Chida chokonzera ndi chimene ndinayamba kuthyola.

Usiku umenewo unathera pa flashi ya Arch: kuyatsa kompyuta kuchokera pa flashi, kuchita mount pa /mnt, n'kugwiritsa ntchito pacman wa pa flashiyo kuti aapudete zonse za pa disiki. Mapakeji onse aja amene ndinkawathawa ndinawatsitsabe, kuonjezera maola atatu a tulo amene ndinataya.

Maganizo anga ndi awa: uthenga wa dependency si vuto. Ndi malo okhawo pamene kompyuta ikukuuzani zoona zinthu zisanaonongeke. Vuto lenileni limayamba pamene tautseka pakamwa.

Kanambala kaja, 74, n'kamene anthu ambiri sakamvetsa. Pulogalamu ikamamangidwa imalemba mkati mwake dzina lenileni la laibulale imene yamangidwira, pamodzi ndi nambala yake. Ikamatseguka simafunsa kuti "kodi icu ilipo?" Imafunsa libicuuc.so.74, ndipo ikapeza .75 kwa iyo n'chimodzimodzi kusapeza kanthu. Opanga laibulale amasintha nambalayi dala, akadziwa kuti zamkati zasintha moti mapulogalamu akale sangagwirizane nazo. Pa Debian stable kapena Ubuntu LTS simukumana nazo kawirikawiri chifukwa nambalazi zimaumitsidwa kwa zaka, amangotseka mabowo a chitetezo. Pa rolling release ngati Arch, pamene mapakeji atsopano amabwera mosalekeza, zimayenda nthawi zonse. Icu ikasintha, anthu osamalira mapakeji a Arch amamanganso chilichonse chimene chimaidalira, n'kuzitulutsa limodzi ngati gulu. Mukatenga chimodzi n'kusiya zinzake mwapanga Linux yanuyanu, imene palibe wina aliyense pa dziko ali nayo ndipo palibe anaiyesapo. N'chifukwa chake a Arch amanena mosabisa kuti kuapudeta mwa theka sakuvomereza. Si nkhanza. Alibe njira yoti athandizire chinthu chimene sichinakhalepo.

Ndiye pali langizo lachiwiri, loipa kuposa loyambalo, la symlink, kafayilo kongoloza ku fayilo ina. "Ingopanga ln -s kuti .75 izioneka ngati .74." Uku n'kulemba dzina la mankhwala ena pa botolo la mankhwala ena. Pa icu mwayi ulipo pang'ono, chifukwa iyo imaika nambala ya version ngakhale pa mayina a ma function ake, ndiye pulogalamu imakana nthawi yomweyo n'kuti "undefined symbol", munthu n'kudziwa kuti walakwitsa. Pa malaibulale ena pulogalamu imatseguka bwinobwino, n'kudzagwa Lachinayi masana muli pakati pa ntchito, ndipo simudzakumbuka n'komwe kuti munapanga ka link kena mwezi watha. Pacman nayenso sakadziwa kafayiloko, si kake. Kamangokhala mu /usr/lib kudikira tsiku lake.

Chimene ndinaphunzira, mochedwa ndithu, n'kuwerenga mawu a kumapeto kwa mzere. Uthenga uja umatha ndi "required by" kenako dzina la pakeji. Dzina limenelo ndiye nkhani yonse. Ngati mwalemba pacman -Syu yathunthu koma akukanabe, funsani kuti pakeji imeneyi inachokera kuti. Lembani pacman -Qm, mudzaona mapakeji onse amene sali m'ma repo, nkhokwe za mapakeji, amene mwakhazikitsa. Kwa ine, kangapo konse dzinalo ndalipeza pamenepo, kutanthauza kuti ndi chinthu cha ku AUR (Arch User Repository) chimene ndinamanga ndekha.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Iwo amaona AUR ngati sitolo ina ya Arch. Ayi. Ku AUR kuli malangizo a kamangidwe basi, ma PKGBUILD olembedwa ndi ogwiritsa ntchito anzathu. Womanga ndinu. Laibulale ikasintha palibe amene adzabwere kudzakumangirani kachiwiri, ndipo yay kapena paru, zida zothandiza kumanga za ku AUR, sadzakuuzani chilichonse ngati version ya pakejiyo ku AUR sinasinthe. Mwana mwabereka nokha, kulera n'kwanu. Kukonza kwake kulibe matsenga: chotsani pakeji yotsekerezayo, apudetani zonse, kenako imangeninso pa malaibulale atsopano. Pali kachida kotchedwa checkrebuild, ka mu pakeji ya rebuild-detector, kamene kamakuuzani zimene zikufunika kumangidwanso. Python ikasuntha, monga kuchoka pa 3.11 kupita pa 3.12, chilichonse cha Python chimene munatenga ku AUR chimatsalira mu foda ya version yakale, pulogalamu n'kumangoti module palibe pamene inu mukuiona ndi maso kuti ilipo.

Choseketsa n'chakuti yay nayenso ndi wa ku AUR. Pacman 6.1 atatuluka mu 2024, ndiponso 7.0 chaka chomwecho, nambala ya libalpm, laibulale ya pacman imene yay amadalira, inasintha, ndipo anthu ambiri anadzuka n'kupeza yay wawo sakutseguka. Ena anathamangira symlink yomwe ija. Pamene chofunika chinali git clone ndi makepkg -si, kumanga ndi manja monga anachitira tsiku loyamba. Ngati munthu sakudziwa kumanga pakeji ya AUR popanda yay, ndimaona kuti wayamba kuthamanga asanaphunzire kuima.

Nthawi zina dzina lija silikhala la AUR, limakhala la mu repo yeniyeni. Pamenepo kawirikawiri mirror yanu ndi imene yatsalira, kapena mwafika pamene mapakeji ali mkati mosamutsidwa. Mankhwala ake ndi amene anthu amadana nawo kwambiri: kudikira. Sinthani mirror, kapena ingopitani mukagone muyesenso mawa. Onaninso mu /etc/pacman.conf ngati simunasiye IgnorePkg, yoletsa pakeji kuapudetedwa, imene munaiika chaka chatha pa chifukwa chimene munaiwala, kapena repo ya munthu wina imene inasiya kusamalidwa. Amene anaika Arch kalekale akukumbukira kuti mu 2023 repo ya community inaphatikizidwa mu extra, ndipo ena mzere wake anausiya mu fayiloyo mpaka tsiku limene unayamba kubweretsa ma error. A Manjaro, Linux yochokera ku Arch, ali ndi vuto lawolawo: mapakeji awo amachedwetsedwa dala kuti ayesedwe, pamene AUR imalembedwa poganizira Arch ya lero, ndiye zimatheka kuti PKGBUILD ifune laibulale imene kwa iwo sinafike.

Ndisaname, pali nthawi imene -dd imakhala yolondola. Mu June 2025 pakeji ya linux-firmware itagawidwa m'zidutswa, a Arch eni ake analengeza kuti anthu achotse yakale ndi pacman -Rdd kenako aikenso ndi -Syu. Wina angandiuze kuti, mwaona, ngakhale iwo amatero. Inde amatero, koma onani kusiyana kwake. Iwo ankadziwa chimene chikuchotsedwa, chifukwa chake, ndiponso kuti chibwerera m'malo mwake pa lamulo lotsatira kompyuta isanazimitsidwe. Ine usiku uja sindinkadziwa kuti icu imagwira ntchito yanji. Lamulo ndi lomwelo, koma wina akuchita opaleshoni, wina akungobaya.

N'chimodzimodzinso ndi nkhani ya makiyi. Kompyuta ikakhalitsa osaapudeta, pacman amatha kukana mapakeji n'kumati siginecha yake sakuikhulupirira, chifukwa makiyi a anthu osaina amene ali nawo ndi akale. Apa njira yovomerezeka ndiyo kuyamba mwaapudeta archlinux-keyring payokha, kenako pacman -Su nthawi yomweyo. Koma mupeza wina akulangiza kuti muike SigLevel = Never, kuti pacman asaonenso siginecha n'komwe. Ndiye kuti chitseko chavuta kutsegula, inu mwachizula n'kuchitaya.

Ndagwiritsako ntchito openSUSE Tumbleweed, rolling release ina, ndipo pali zinthu ziwiri zimene ndimasirira kumeneko. Zypper, chida chawo chonga pacman, akapeza mkangano amakupatsani mayankho oika manambala kuti musankhe: chotsani ichi, sungani chakale, kapena thyolani pakejiyo ponyalanyaza zina zimene imadalira. Amagwiritsadi ntchito mawu akuti "break", sabisa. Komabe anthu amasankha lomwelo chifukwa ndi limene silichotsa chilichonse pa nthawiyo. Chachiwiri ndi snapper pa btrfs, imene imajambula mmene zinthu zinalili musanaapudete, moti zikavuta mumabwerera dzulo kuchokera pa menyu yoyatsira. Pa Arch zimenezi mumadziikira nokha, ndipo ine ndinadziikira sabata yomweyo ya flashi. Chimene Arch imakusiyirani mwaulere ndi mapakeji akale mu /var/cache/pacman/pkg, amene mungawabwezere ndi pacman -U, komanso /var/log/pacman.log imene imakumbuka chilichonse chimene munachita ngakhale inu mutakana. Anthu okonda kusesa cache yonse kuti apeze malo, siyaniko ma version awiri kapena atatu. Kachida kotchedwa paccache kamachita zimenezo.

Ena amati zonsezi ndi umboni woti rolling release ndi chibwana, munthu wofuna kugwira ntchito aike Debian akhale pa mtendere. Sindikangana nawo. Ngati kompyuta yanu mumaiyatsa kamodzi pa miyezi itatu, kapena intaneti yanu silola kutsitsa mapakeji ambirimbiri sabata ndi sabata, Debian ndi yabwino kwambiri, ndipo pulogalamu imodzi imene mukuifuna yatsopano mukhoza kuitenga pa Flatpak, imene imabwera ndi malaibulale akeake. Palibe manyazi pamenepo. Chimene sindigwirizana nacho n'kufuna kernel ya sabata ino, Mesa (madiraiva a zithunzi) ya sabata ino, koma osafuna kuapudeta zonse kapena kuwerenga mizere inayi. Walira mvula walira matope.

Ndipo kwa inu amene mumayankha mafunso a anzathu atsopano, chonde, musanapereke lamulo lililonse muuzeni munthuyo atumize uthenga wonse, kuyambira pa lamulo limene analemba mpaka mzere womaliza. Osati chithunzi chodulidwa pakati. Mufunseni kuti anaapudeta liti komaliza. Mafunso awiri amenewa amatenga nthawi yaitali kuposa kulemba "-dd", ndipo sakubweretserani timitima tambiri, ndikudziwa.

Sabata yatha pacman anandikaniranso. Mzere unatha ndi dzina limene sindinalizindikire n'komwe. Ndinalemba pacman -Qi ndi dzinalo, n'kupeza kuti ndi kachida ka ku AUR kosinthira mafayilo a nyimbo, kamene ndinaika zaka ziwiri zapitazo, ndipo pa "Required By" panalembedwa None. Ndinakagwiritsa ntchito kamodzi kokha. Ndinakachotsa ndi -Rns, ndinalemba -Syu, mapakeji n'kuyamba kutsika.