Ndalama za Mtukula Pakhomo si za kachasu, abale inu!

Lachisanu lapitali, tsiku lolandira za Mtukula Pakhomo, ndinali pamsika wathu, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa. Gogo wina atangochoka kwa ejenti, asanamange n'komwe ndalamazo pansonga ya chitenje, chimdzukulu chake chandevu chinali chitazitsomphola kale. Pofika masana chili dzandidzandi pakachasu. Kamwana komwe gogoyo anabereka kumbuyo nako, tsitsi lofiira ngati ndevu za chimanga, mimba ili tuu, miyendo ngati bango.

Kodi mitu yathu ikugwira ntchito?

Ndondomekoyi inayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Boma linasankha mabanja osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, n'kuwonjezerapo kangachepe pa mwana aliyense wapasukulu. Tsono iwe mnyamata wamanja awiri, dzina lako likupezeka pati pamenepa? Nambala yachinsinsi ya foni ya agogo ako ukuisungiranji?

Si anyamata okha ayi. Bambo kutenga yonse kukabetcha mpira wa ku England, ati ibereka. Mayi kukapereka simu kadi kwa wakatapila, ndalama isanalowe yatha kale. Wina kugula sipika yachiphokoso mwana wake akupita kusukulu wopanda kope, m'mimba muli gwaa. Ndiye mawa muzidabwa kuti wabwereza Sitandade 2 kachitatu, muziti amulodza? Mfiti yake ndinu!

Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Alangizi a zaumoyo atha mawu kusikelo, kunena za masiku 1,000 oyamba, kuyambira pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Ubongo ukaphonya chakudya pamenepo, mudzachita kuugula kuti? Dzira limodzi, usipa wa pambale, nsinjiro zothira m'phala, nazonso mpaka tichite kukugwadirani? Mukudikira kuti mwana atupe mapazi kuti mukalandire chiponde kuchipatala, chimenenso ena a inu mumakagulitsa pamsika.

Ndalamayo ndi yochepa, inde, ine ndikudziwa, mitengo ya zinthu yapenga. Koma yocheperatu imeneyo ndiye mukaimwere?

Mafumu ndi a komiti, mumaona zonsezi muli chete. Nanunso manyazi akugwireni.