Msungichuma asamasunge makiyi

Achimwene mtolankhani, mwalemba kuti bola msungichuma akhale wokhulupirika, zonse ziyenda. Pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Ndakhala msungichuma wa banki m'khonde kwathu ku Dedza zaka zitatu, ndipo chimene chandipulumutsa si mtima wabwino ayi, koma maloko atatu aja a pabokosi. Bokosi limagona kwanga, makiyi ali ndi anthu ena atatu. Tsiku lina alamu anga anafika usiku, mwana wadwala, ati ndiwabwereke K20,000 ya gulu adzabweza Loweruka. Ndikanakhala ndi makiyi ndikanawakana bwanji alamu? Ndinangowaonetsa maloko, n'kupisa m'thumba mwanga.

China mwasiya ndi ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba. Masiku ano ambiri amaponya masheya pafoni, ndiye zikalowa pa nambala ya msungichuma zimasakanikirana ndi zogulira ndiwo. Ife tinapangana kuti uthenga uliwonse uziwerengedwa pamsonkhano, mlembi n'kulemba m'kaundula pomwepo, owerengera ndalama awiri n'kutsimikiza.

Anzanga a m'magulu ena, nanga ndalama yotapira ija amalipira ndani kwanuko, woponya kapena gulu? Kwathu mpaka lero tikukanganabe.