Pemphero la Amene Anachitidwa Opaleshoni ya Chigongono

Atate wathu wakumwamba, tagwada pamaso panu chifukwa cha abale athu amene ali ndi chitsulo m'chigongono. Ena ndi amayi athu amene anaterereka pamatope, ena ndi ana amene anagwa mumtengo wa mango. Zikomo kuti anatuluka m'fiyeta ali moyo. Dalitsani manja a madokotala ndi anamwino amene analumikiza mafupa atatu okumana pachigongonopo.

Ulusi anachotsa, bala lauma, ndipo mantha athu ali pomwepa, Ambuye. Khungu limapola msanga, koma fupa limafuna masabata 6 mpaka 12, kwa okalamba mwinanso kuposa apo. Amayi athu mukuwadziwa Inu. Akangoona chipsera chauma ayamba kufunsa kumene kuli khasu. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, koma iwo amati ndi timadzi chabe. Agwireni mtima, Mbuye. Musi auleke, mtolo wa nkhuni aupitirire, ndipo ifeyo mutichotse ulesi kuti tiziwatungira madzi asanatipemphe.

Tikupempherera fupa la pamene chitsulo chathera, poti pamenepo mpamene limakonda kuthyokanso munthu akagwa. Likhwimitseni. Kumbukirani agogo amene mafupa awo anayamba kufooka atasiya kusamba, ndi amene anawaika chigongono chochita kupanga, oti sadzanyamulanso zolemera moyo wawo wonse. Mawu amenewo ndi owawa kwa munthu wozolowera kudzigwirira ntchito. Atonthozeni Inu.

Pambale pawo pasasowe usipa ndi matemba zodya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, ndi mkaka ukapezeka. Aziwothera dzuwa limene munatipatsa ulele. Amene akulimbana ndi fodya muwamasule, pakuti utsi umachedwetsa fupa kugwirana.

Mafizo amapweteka, Ambuye, misozi imachita kulengeza. Apatseni mphamvu zopinda ndi kuwongola mkono monga anawauzira, kuti chigongono chisaume. Tsiku lobwerera kuchipatala ndalama ya thiransipoti ipezeke. Kachala kakang'ono kakachita dzanzi, pabala pakatupa kapena kutuluka mafinya, asabise ndi mawu oti zitha zokha.

Tchinjirizani mapazi awo kubafa koterera, pakhonde usiku magetsi atazima, ndi pakabaza.

Inu amene munalumikiza mafupa ouma m'chigwa muja, fupa ndi fupa linzake, gwirani chigongono ichi. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu. Amen.