Wotola miyala pagombe musamuderere

Abale anga, pali funso limene limabwera nthawi iliyonse ndikaponya pano chithunzi cha timiyala tanga topindika tija: "Ndiye amagula zingati?" Ena amachita kundilembera kumbali mwaulemu ndithu, kuti achimwene, ngati mwapeza njira tiuzeniko nafenso. Funsoli sindikwiya nalo, pakuti kwathu mwala woti munthu wamkulu auweramire ndi wa ku Chimwadzulu kapena wa ku Mzimba, woti ukautola ubweretse ndalama. Koma lero ndiyankhe kamodzi onse mumve. Sindigulitsa. Ndimatola chifukwa ndimakhulupirira kuti anthu wamba amene amayenda m'magombe pa tsiku lawo lopuma, maso ali pansi, ndiwo akhala akudyetsa sayansi ya zamoyo zakale kuyambira pachiyambi, ndipo ulemu umene amalandira ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito yawo.

Timiyalati dzina lake ndi amonaiti. Poyamba sinali miyala ayi, zinali nyama za m'nyanja yamchere, zokhala m'chigoba chozungulira ngati bongololo atadzipinda. Musaziyese nkhono. Abale ake amene alipo lero ndi squid ndi octopus, nyama zofewa za m'nyanja yamchere za miyendo yambiri, ndipo nyama yotchedwa nautilus, imene ikusambirabe m'nyanja za kum'mawa, ili ndi chigoba chofananako. Mukadula chigobacho pakati mupeza tizipinda tondondozana. Nyamayo inkakhala m'chipinda chakunja chokha, chachikulu chija, ndipo tizipinda tam'mbuyo tinkalumikizidwa ndi kamtsempha kamene kankachotsa madzi n'kusiyamo mpweya, kuti chigoba chonse chiziyandama osamira. Zinatha zonse zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imodzi ndi madinosa. Zina n'zosafika kukula kwa chikhadabo, pomwe yaikulu kwambiri imene ikudziwika, yomwe inapezeka ku Germany mu 1895, ndi ya pafupifupi mamita 1.8 m'mimba mwake.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kummwera chakumadzulo kwa England, ndipo tsiku la ofu likagwirizana ndi nyanja ndimapita ku Charmouth kapena ku Lyme Regis, m'dera la Dorset. Gombe lonselo, la mamailosi 95 kuchokera ku Exmouth kukafika ku Studland, limatchedwa Jurassic Coast, ndipo UNESCO inaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2001. Ndikuti "likagwirizana ndi nyanja" chifukwa nyanja yamchere si ngati yathu ya ku Salima ija yokhala pamodzimodzi. Iyi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndiye umayamba waona ndandanda ya madzi usananyamuke pakhomo. Umafika madzi akubwerera m'mbuyo, n'kumawatsatira. Nthawi yabwino si yadzuwa imene alendo amadzaza, koma miyezi yozizira, mphepo yamkuntho itawomba usiku, nthaka itagumuka mwatsopano.

Kutolako kulibe changu. Umayenda pang'onopang'ono utawerama, nthawi zina kugwada kumene, kuyang'ana pakati pa miyala pamene mafunde aunjika timchenga takuda tolemera. Maso amayamba aona matope okhaokha. Kenaka pamphepete pa mwala pamaoneka timizere titatu tinayi tondondozana mwadongosolo, toti chilengedwe cha miyala wamba sichingatijambule. Ukakanda ndi chala, kamatuluka kathunthu, kozizira, kolemera kuposa mmene kakuonekera, konyezimira mwa mtundu wa mkuwa chifukwa chigoba chinalowedwa m'malo ndi mwala wotchedwa pyrite. Ukakatsuka m'kathawale, mizere yonse imaoneka mpaka pakatikati penipeni pamene nyamayo inayambira ili khanda. Kamakhala kagona m'matope amenewo zaka zoposa 190 miliyoni, ndipo palibe munthu wina anakaonapo iwe usanakaone. Amene amati uku n'kutaya nthawi, ndimangolakalaka atagwirako kamodzi m'manja mwawo.

Tsono pali anthu ena, ophunzira ndithu, amene amati zinthu zotere tizisiyire akatswiri, anthu wamba tikutha chuma cha dziko. Pamenepa ndiye ndimatsutsa ndi mtima wonse. Maphompho a ku Charmouth si a thanthwe lolimba, ndi a dongo lofewa limene limagumuka chaka ndi chaka. Malo otchedwa Black Ven, pakati pa Charmouth ndi Lyme Regis, ndi amodzi mwa malo aakulu kwambiri ku Ulaya amene nthaka imatsetsereka kulowa m'nyanja. Chimene chagwa lero, mafunde amachiguguda pamiyala mpaka chitasanduka mchenga. Sichidikira munthu wa digiri. Ndipo akatswiriwo alipo angati? Ali m'makalasi kuphunzitsa, ali m'maofesi kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku. Amene amapezeka pagombe m'mawa wa Januwale mvula ikuwaza ndi wopuma pantchito, dalaivala wa basi, mayi ndi mwana wake, ndi ife osamalira okalamba. Tikapanda kutola ife, sikuti chinthucho chasungika. Chatayika.

Eni dera anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake malamulo awo saletsa kutola. Amalola kutenga zimene zagwa kale pagombe, amaletsa kukumba m'phompho popanda chilolezo, ndipo amapempha kuti ukapeza chinthu chachilendo ukachilembetse ku Charmouth Heritage Coast Centre kuti asayansi adziwe kuti chilipo komanso chili kwa yani. Kwa ine amenewa ndi malamulo anzeru, chifukwa amamutenga munthu wamba ngati mnzawo wa pantchito, osati ngati mbala yoyenera kulonderedwa.

Mbiri yomwe ili kumbali yathu. Mary Anning anabadwira ku Lyme Regis komweko mu 1799, mwana wa mmisiri wa matabwa, m'banja losauka. Bambo ake anamwalira mu 1810 n'kusiya ngongole, ndipo banjalo linkadalira kugulitsa timiyala tomweti kwa alendo. Ali ndi zaka pafupifupi 12, iye ndi mchimwene wake Joseph anafukula mafupa a ichthyosaur, chilombo cha m'nyanja chimene akatswiri a nthawiyo sankadziwa kuti achiike m'gulu liti. Mu 1823 anapeza plesiosaur wathunthu woyamba, chilombo china cha m'nyanja cha khosi lalitali, mu 1828 anapeza pterosaur, chokwawa chouluka chija. Akuluakulu a ku London ankabwera kudzagula, kudzafunsa nzeru, kenaka n'kukalemba mapepala awo, kawirikawiri osatchula dzina lake. Bungwe la Geological Society silinkalandira akazi pa nthawiyo, ndipo linadzayamba kuwalandira ngati mamembala mu 1919, iye atamwalira kale mu 1847. Chiboliboli chake chaimikidwa ku Lyme Regis mu 2022, ndipo amene anayambitsa ntchito yosonkhetsa ndalama zake anali kamtsikana ka sukulu ndi mayi ake. Zimandipweteka kuti panafunika zaka 175 ndi mwana wa sukulu kuti tauni yake imuimikire chikumbutso chotere.

Musati ndi zakale zokha. Ku Kimmeridge, m'Dorset momwemo, kuli bambo wina, Steve Etches, amene ntchito yake inali ya upulambala. Kwa zaka zoposa 30 ankati akaweruka kolumikiza mapaipi n'kupita kugombe. Akatswiri ankati dongo la kumeneko mulibe zambiri zosangalatsa. Iye anatola zinthu zoposa 2,000, kuzikonza yekha, kulemba chilichonse kumene chinachokera, mpaka anapeza ndi mazira a amonaiti omwe. Lero zonsezo zili m'nyumba yosungiramo zakale yotchedwa The Etches Collection, imene inatsegulidwa mu 2016, ndipo maprofesa amapita kukaphunzira pa zimene pulambala anatola. Ndipo mu 2020, pagombe la Blue Anchor ku Somerset, mtsikana wa zaka 11 akuyenda ndi bambo ake anapeza zidutswa za chibwano cha ichthyosaur wamkulu zedi, amene mu 2024 anapatsidwa dzina loti Ichthyotitan. Ulendo uno dzina la mtsikanayo linalembedwa pakati pa olemba pepala la sayansi. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Koma poteteza anzanga otola sindikuteteza aliyense wonyamula hamala. Alipo amene amandichititsa manyazi. Amafika n'kuyamba kugogoda phompho, pansi pa dothi loti litha kuwakwirira nthawi iliyonse. Mu 2012 mtsikana wa zaka 22 anafa ataphwanyidwa ndi miyala yogumuka pafupi ndi Burton Bradstock, m'Dorset momwemo, ndipo iye ankangodziyendera, sankakumba n'komwe. Pa Monmouth Beach, ku Lyme Regis, pali thanthwe lalikulu lodzaza ndi amonaiti aakuluakulu, loti madzi akaphwa umayenda pamwamba pake ukuwaona. N'loletsedwa kuligogoda, koma umapezabe pena pali bala la chizulo, wina anafuna kutenga wake n'kungoswa. Ameneyo sanapindule kanthu, ndipo walanda ana a anthu onse obwera m'mbuyo mwake.

Cholakwa china n'chosaoneka, koma kwa ine n'chachikulu: kutola osalemba. Amonaiti ankasintha maonekedwe mofulumira m'mibadwo yawo, ndipo ankafalikira m'nyanja zambiri. Choncho mtundu uliwonse umaloza nyengo yake. Katswiri akaona mtundu wakuti m'thanthwe la ku England n'kuupezanso m'thanthwe la dziko lina, amadziwa kuti matanthwe awiriwo ndi a msinkhu umodzi. Nzeru yonseyo imadalira kudziwa kumene mwalawo unachokera. Mukalowa m'masitolo a zikumbutso mupeza amonaiti okongola, odulidwa pakati n'kupukutidwa, ambiri ochokera ku Madagascar, opanda kapepala kalikonse konena phiri kapena chigwa chimene anakumbidwako. Ndi okongoletsera pa shelefu basi. Anga ndikafika nawo kunyumba ndimawatsuka ndi madzi abwino kuchotsa mchere, kuwaumitsa bwinobwino chifukwa pyrite akakhala pachinyezi amafumbutuka, kenaka aliyense m'kabokosi kake ndi kapepala: malo, tsiku, mbali iti ya gombe. Kapepalako ndi kamene kamasiyanitsa wotola ndi wongokundika.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwaima kale pa mamiliyoni a zaka aja. Inenso ndimapemphera, ndipo Lamulungu ndimakhala m'tchalitchi. Kwa ine kugwira cholengedwa chakale chotere sikunachepetse Mlengi, kwandionetsa kuti ntchito yake ndi yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Wina akaona mosiyana, tikhoza kukambirana mwaulemu, koma abwere augwire kaye mwalawo.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi kwathu. Timalankhula ngati zinthu izi ndi za azungu, pomwe nthaka ya Karonga ili ndi chuma chimene dziko lonse limachidziwa. Amonaiti simungawayembekezere kumeneko, pakuti matanthwe ake anaunjikidwa ndi mitsinje, osati nyanja yamchere, koma kuli madinosa. Mafupa amene anatoledwa m'zaka za m'ma 1920 anafotokozedwa koyamba mu 1928, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina la dziko lathu, Malawisaurus. Mmodzi mwa olemba pepala limenelo anali Mmalawi, Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu, amenenso mu 2005 anatcha dzina dinosa wina, Karongasaurus. Ku Uraha mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chaima chathunthu. Ndi angati mwa ife tinadutsa pa Karonga popita ku Songwe kukaoda katundu, osapatukirako ngakhale ola limodzi?

Ndimveke bwino apa, kuopa wina angandinamizire. Sindikuti anthu akayambe kukumba ku Karonga. Kumeneko si gombe limene nyanja ikudya tsiku lililonse, mafupa ake ndi osowa, ndipo lamulo lathu loteteza zinthu zakale sililola munthu kungofukula kapena kutulutsa kunja. Fupa likachotsedwa pamalo pake mwachisawawa, theka la nkhani yake latha. Chimene ndikupempha ndi maso. Mnyamata woweta ng'ombe amene amadutsa m'zigwembe mvula itakokolola, mayi wolima m'mbali mwa khwawa, woumba njerwa, amenewa amaona nthaka kuposa katswiri aliyense wobwera milungu iwiri pachaka. Auzidwe kusukulu ndi pawailesi kuti akaona fupa lolemera ngati mwala alisiye pomwepo, alijambule ndi foni, audze a mfumu ndi a nthambi yoona za zinthu zakale. Ndipo akatero, dzina lake lilembedwe pa kapepala ka m'nyumba yosungiramo zakale, aitanidwe tsiku loonetsa, osati kungomupatsa ya sopo n'kumuiwala. Zimene anamuchita Mary Anning tisazibwereze kwa mwana wa ku Mwakasyunguti ku Karonga.

Kwa inu abale amene muli kuno, ku Bristol, ku Exeter, ku Southampton ndi kwina, tsiku lina la ofu musalithere pabedi ndi foni. Sitima imaima pa Axminster, ndipo pamenepo pali basi yopita ku Lyme Regis ndi ku Charmouth. Ngati ndi koyamba, lembetsani ulendo wotsogozedwa ndi a ku Heritage Coast Centre, akakuonetseni choyang'ana. Tengani ana. Onani ndandanda ya madzi musananyamuke, khalani kutali ndi phompho, ndipo yambani kubwerera nyanja isanayambe kudzaza kwambiri. Valani majombo ndi jekete ya mvula. Hamala isiyeni kunyumba ulendo woyamba. Munyamule timabokosi, mapepala okulungira, ndi kakope ndi pensulo, chifukwa bolopeni salemba papepala lonyowa.