Chenjezo kwa anyamata amene mukuseweretsa timing ya injini

Sabata yatha ndinaitanidwa kukaona injini ya masilinda anayi yokhala ndi turbo imene amakaniko anali ataimasula, ndipo zimene ndinaona zandisowetsa mtendere mpaka lero. Pisitoni yachitatu inali itabenthuka m'mbali, pamene pamakhala maring'i, pamwamba pake pali timaenje ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe, ndipo pulagi yake inali ndi timadontho ta aluminiyamu wosungunuka. Mwini wake, mnyamata wopita kusukulu ndithu, anaima poteropo n'kumanena kuti anangowonjezera timing (nthawi imene pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba) ndi madigiri anayi okha kuyambira pa ma rev 6,000 (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) kupita m'mwamba. Madigiri anayi okha, atero! Kodi anakuuzani ndani kuti madigiri anayi ndi ochepa pamene turbo ikukankha mpweya mwamphamvu chotero?

Anyamata inu, mwalowedwa chiyani? Mukutenga fayilo pa intaneti, yolembedwa ndi munthu amene simukumudziwa, ya injini imene simunaionepo, n'kuithira mu kompyuta ya galimoto yanu osafunsa n'komwe kuti mnzanuyo ankagwiritsa ntchito petulo wotani. Iye anachuna galimoto yake ndi petulo wa octane 98 (nambalayi ikakwera, petulo saphulika msanga mosayenera m'silinda) kunja kukuzizira, inu mwathira wa 93 ndipo mukuthamanga masana dzuwa likuswa mtengo, koma mukuyembekezera kuti zikuyenderani chimodzimodzi? Ena mwafika pozula knock sensor (kachipangizo kamene kamamva injini ikamagogoda chifukwa cha kuphulika kosayenerako) ati chifukwa ikubweza timing m'mbuyo n'kukulandani mphamvu. Mukuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba! Enanso simunayesepo ndi timing light, nyali yoyezera timing, kuti muone ngati madigiri amene akuoneka pa laputopu ndi omwewo amene ali pa pule ya injini, koma muli kalikiliki kusintha manambala.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mawu akuti, "Ikayamba kugogoda ndimva." Mumva ndi khutu liti? Pa ma rev 7,200 injini imazungulira ka 120 pa sekondi imodzi, ndipo silinda iliyonse imayaka ka 60 pa sekondi yomweyo. Ekizozi ikubangula, turbo ikuliza likhweru, mphepo ikuwomba pagalasi, inu n'kumati mumva kaphokoso konga timiyala m'chitini? Pamene phazi lizichoka pa moto, pisitoni yamenyedwa kale kambirimbiri, gasiketi yapsa, mabering'i aphwatalala, injini yanoka.

Ndipo maganizo akuti ma rev akamakwera timing iyenera kumangokwera nawo osaleka munawatola kuti? N'zoona kuti pulagi iyenera kuthetheka msanga injini ikamafulumira, koma zimenezi zili ndi malire, pakuti mpweya ndi mafuta zikamavunduka mwamphamvu m'silinda moto nawonso umayenda mofulumira. Mphamvu yaikulu ya kuyakako iyenera kufika pisitoni itangodutsa pamwamba penipeni, mwina ndi madigiri 15, kuti iikankhire pansi. Mukapyola pamenepo simupindula kanthu, mukungomenyana ndi pisitoni imene ikadali kukwera. Nanunso amene mwachita mantha n'kubweza timing m'mbuyo mopyola muyezo musadziyese ochenjera, chifukwa motowo ukuthera mu ekizozi, ukuwotcha ma valve ndi kufiiritsa turbo ngati khala.

Ntchito imeneyi ili ndi malo ake, pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, pamene munthu wodziwa amawonjezera digiri imodzi, n'kuona ngati mphamvu yakwera, akumvetsera injini ndi zomvera za m'makutu komanso kuyang'ana ngati mafuta sakuchepa, ndipo mphamvu ikasiya kukwera amabwerera m'mbuyo. Koma inu mwasankha msewu wa anthu onse, usiku, muli m'giya yachinayi, mnzanu ali pambali laputopu ili pamiyendo, maso anu theka pamsewu theka pa manambala. Injini ikaphulika pa liwiro limenelo, oilo n'kukhuthukira pansi pa matayala anu, mudzaimira pati? Nanga woyenda pansi kapena wapanjinga amene ali kutsogoloko walakwa chiyani?

Pisitoni ija ndinaigwira m'manja mwanga, ndipo chidutswa china chinali chitadutsa kale mu turbo n'kuthyola mapiko ake onse. Ngati simungathe kupita nayo kwa odziwa, tsekani laputopuyo ndipo timing muisiye mmene munaipezera.