Bwanji katundu yenseyu mukusenzetsa mkazi?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo pa nthawi ya tiyi kuntchito, bambo wina wamkulu, woti kunyumba kwake kuli ana aakazi, anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa chithunzi cha kachipangizo kaja ka ku South Africa kotchedwa Rape-aXe. Uku akuseka, akuti, "Amayi, mavuto anu atha, muzingovala aka basi." Azibambo anzake n'kumaomba m'manja. Mavuto athu atha? Atha bwanji?

Kwa inu amene simunakaone, ndi kathumba ka labala kooneka ngati kondomu ya amayi, koma mkati mwake muli timbedza tating'onoting'ono. Mkazi amakalowetsa m'thupi mwake. Mwamuna akamugwiririra, timbedzato timamukola, ndipo kuti kachoke mpaka akafike kwa dokotala, komwe akuti ndiko angagwidwire. Anakapanga ndi mayi wa ku South Africa, Sonette Ehlers, ndipo anakaonetsa kwa anthu mu 2005. Mu 2010, nthawi ya mpira wa World Cup, ananena kuti akufuna kugawa 30,000 kwaulere. Zaka zonsezi kachipangizoka sikanafike m'masitolo, koma chithunzi chake chimangodzuka nthawi ndi nthawi, anthu n'kusangalala ngati chatuluka dzulo.

Mayi Ehlers sindikuwada. Iwo anati anaganiza izi atakumana ndi mkazi wina wogwiriridwa amene anadandaula kuti akanakhala ndi mano kumusi kuja. Ululu umenewo ndi weniweni, ndipo mkwiyo umenewo ine ndili nawo. Amene andipsetsa mtima ndi awa oomba m'manja.

Taganizani bwino. Kuti timbedzato tigwire ntchito, munthu uja akhale atakugwetsa kale pansi, atakung'ambira kale zovala, atalowa kale. Ndiye kuti wakugwiririra kale! Madzi akatayika saoleka. Chimene mukuchitcha chitetezo chimayamba ntchito mkazi atavulazidwa kale. Ndipo pamenepo uli wekha ndi munthu amene wamva ululu woopsa, wakwiya, mwina ali ndi mpeni, mwinanso sali yekha. Anzake aja angoima n'kumaonerera? Inu mukuwerengera kuti mkazi apeza mpata wothawa. Nanga akapanda kuupeza?

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi: ntchito yonse mwaipereka kwa mkazi. Iye agule, iye avale, iye akumbukire m'mawa uliwonse. Adzuke, asambe, asanamwe n'komwe tiyi aziyamba wakonzekera kugwiriridwa. Moyo wanji umenewo? Wogwiririra uja palibe chimene mwamupempha. Sagula kanthu, savala kanthu, sasintha njira. Amene akusintha moyo wake ndi wosalakwa. Choipa chitsata mwini, anatero akuluakulu. Nanga ichi chikutsata bwanji mkazi?

Ndipo si kachipangizo aka kokha. Mu 2013, patangopita miyezi yochepa mtsikana uja atagwiriridwa ndi gulu la amuna m'basi ku Delhi n'kumwalira, ophunzira ena ku India anapanga chovala chamkati chomenya munthu ndi magetsi. Mu 2014 anyamata a pa yunivesite ina ku North Carolina ku America anabwera ndi maganizo a penti wa m'zikhadabo wosintha mtundu ukaviika chala m'chakumwa chimene wina wathiramo mankhwala ogonetsa. Kwinanso anasoka makabudula amkati okhala ndi loko. Onani kumene zonsezi zikupita: pa chifuwa cha mkazi, pa zala za mkazi, m'chiuno mwa mkazi, m'kati mwa mkazi. Nzeru zonsezi, ndalama zonsezi, zikuthera pomanga thupi la mkazi. Mwamuna ali phee.

Mawa lake mudzamva funso latsopano. Kale ankatifunsa kuti unavala chiyani, unkatani kunja usiku, unamweranji mowa. Tsopano azidzatifunsa kuti bwanji sunavale kachipangizo kako. Chala chomwecho chobwerera kwa yemweyo.

Komanso mukavala liti? Uyinene Mrwetyana, mtsikana wa zaka 19 wa pa University of Cape Town, anagwiriridwa n'kuphedwa mu Ogasiti 2019 atapita ku positi ofesi ku Claremont kukatenga katundu wake. Masanasana. Anamupha ndi munthu wogwira ntchito pa positi pomwepo. Ndiye mundiuze, mtsikana azivala timbedza popita ku positi? Popita kutchalitchi? Pogona m'nyumba mwake momwe? Pakuti tonse tikudziwa, ngakhale sitifuna kunena, kuti ambiri ogwiririra sabisala patchire. Ndi amalume, ndi bambo owapeza, ndi mphunzitsi, ndi chibwenzi, ndi mwamuna wako wa m'nyumba. Kamwana ka Sitandade 3 kamene kakugona chipinda chimodzi ndi msuweni wake wamkulu, nakonso mukaveka? Agogo a kumudzi okhala okha, nawonso?

Ena mudzati vuto ndi mowa, chamba, ulova, makanema olaula. Chabwino, zilipo. Koma anthu ambiri amamwa, ambiri ndi malova, ndipo sagwiririra munthu. Wogwiririra amachita chifukwa akudziwa kuti achibale akhala pansi n'kuti "tizithetse pachibale", mfumu ilandira mbuzi, mwanayo auzidwa kuti atseke pakamwa asachititse banja manyazi. Pamenepo ndi pofunika mano. Mano akhale ku polisi, mano akhale kukhoti, mano akhale pakamwa pa bambo amene wamva mnzake akudzitama pa bawo kuti "ameneuja ndinamuthana naye". Osati m'thupi mwanga. Ndipo m'malo motumizirana chithunzi chija, bwanji osauzana kuti wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire PEP yomuteteza ku HIV? Ndi angati mwa oomba m'manja aja amene akudziwa zimenezo?

Akuti kachipangizoka kathandiza kuti wolakwa akafike m'manja mwa apolisi. Apolisi ake ati? Mwaiwala za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu mu Okutobala 2019? Amayi ndi atsikana anachitidwa zachipongwe m'nyumba zawo momwe ndi anthu ovala yunifomu. Zinatengera maloya achizimayi kupita kukhoti, mpaka mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi ndi atsikana 18 alandire chipukuta misozi. Amayi amene aja anali pakhomo pawo. Akanavala chiyani iwo aja, ndipo akanakadandaula kwa ndani?