Meshi si chigamba cha pa thalauza

Mwezi wathawu pa gulu lathu la WhatsApp la kubanja panabuka mkangano woti malume anachita kutuluka pagulupo masiku awiri. Chinautsa mapiri pachigwa ndi kaukonde kakang'ono komwe madokotala amati meshi. Ndati ndilembe poyera, chifukwa ndikudziwa kuti si ife tokha amene tatumizako wodwala kunja n'kulandira pepala la mitengo iwiri.

Mayi anga avutika ndi chilungulira zaka zambiri. Tonse tinkangoti ndi maalsa, paja kwathu kuno chilichonse chotentha m'mimba timachipatsa dzina limenelo. Omeprazole anasanduka ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Kenako zinthu zinasintha. Akadya mtanda umodzi wa nsima ankapuma mobanika ngati akwera chitunda, usiku ankagona chotsamira pa mapilo atatu, ndipo magazi ankangochepa osadziwika kumene akupita. Atawajambula ndi kuwalowetsa kamera kukhosi, zinapezeka kuti gawo lalikulu la chifu chawo linakwera m'chifuwa, lakhala kuseri kwa mtima. Matendawa amati hiatal hernia.

Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wotambalala ngati denga, diaphragm, womwe umatithandiza kupuma. Pa mnofuwu pali kabowo kodutsa njira ya chakudya pochokera kukhosi kupita m'chifu. Kabowoka kakatanuka, chifu chimasuzumira m'mwamba. Anthu ambiri ali ndi hernia yaing'ono ya mtunduwu osadziwa n'komwe, ndipo mankhwala amawakwanira. Yaikulu ngati ya mayi ndiyo imafuna mpeni. Dokotala amakokera chifu kumalo kwake, n'kusoka minofu iwiri ya m'mbali mwa bowo kuti lichepe, kenako n'kukulunga mutu wa chifu mozungulira njira ya chakudya kuti asidi asamabwerere, monga anayambira dokotala wina dzina lake Rudolf Nissen mu 1955. Masiku ano zonsezi amachita kudzera pa timabowo ting'onoting'ono ndi kamera.

Vuto lake n'lakuti posokedwapo pamakonda kumasuka. Apa ndi pomwe meshi imalowera: ena amaika kachidutswa pamwamba pa msokowo kuti palimbe.

Chipatala china cha ku India chinatitumizira mitengo iwiri, wina wa kusoka kokha, wina wokwererapo ndithu wa kusoka ndi meshi. Malume sanachedwe. "Mphwanga, mlongo wanga si munthu womuchitira zotchipa. Ngati ndalama zapelewera nenani, ndigulitsa ng'ombe." Achimwene anga aakulu anaonjezera kuti ngakhale thalauza likang'ambika pa bondo, telala wanzeru amaika chigamba, sangolumikiza. Gulu lonse linavomera. Ine ndekha ndinati tadikirani.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa masamu ku sekondale, choncho ndikamva kuti chinthu "n'chabwino" ndimafuna ndione manambala. Ndinakhala mausiku angapo ndikuwerenga, bando kutha, ndipo zomwe ndinapeza n'zimene zandichititsa kulemba.

Poyamba manambala anali kumbali ya malume. Mu 2002 Dr Constantine Frantzides ndi anzake ku America anafalitsa kafukufuku wa odwala 72 a mabowo aakulu, a masentimita 8 kapena kuposa. Mwa 36 osokedwa ndi ulusi wokha, hernia inabwerera pa anthu 8. Mwa 36 oikidwa meshi yokhalitsa ya pulasitiki yotchedwa PTFE, panalibe ndi mmodzi yemwe. Mu 2006 gulu la Dr Brant Oelschlager wa ku Seattle ku America komweko linayesa meshi yopangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba pa odwala 108. Patatha miyezi 6, hernia inabwerera pa anthu 24 mwa 100 alionse osokedwa ndi ulusi wokha, koma pa 9 okha mwa 100 oikidwa meshi. Ndikanalekera pamenepa, bwenzi ng'ombe ya malume itapita kumsika.

Koma gulu lomwelo linawatsatira odwala aja, ndipo mu 2011 linanena zomwe linapeza patatha pafupifupi zaka zisanu. Opanda meshi: 59 mwa 100 hernia inali itabwerera. A meshi: 54 mwa 100. Phindu lonse lija la miyezi 6 linasungunuka. Ku Australia, Prof David Watson wa ku Adelaide ndi anzake anagawa odwala 126 patatu, ena ulusi wokha, ena meshi yosungunuka m'thupi, ena meshi yokhalitsa, ndipo mu 2020 ananena kuti pa zaka zisanu meshi sinaonetse phindu. Ku Sweden anatsatira odwala zaka 13: kubwerera kwa hernia sikunachepe ndi meshi, koma kuvutika kumeza chakudya cholimba kunali kochulukirapo kwa oikidwa meshi.

Pali chinthu china m'manambala a 2011 aja chomwe chinandikhazika mtima pansi, ndipo ndimaona kuti anthu sachinena mokwanira. Kubwerera komwe ankawerengako n'kwa pa chithunzi cha ekisileyi. Ambiri mwa anthu amenewo anali bwinobwino, akudya, akugona, ndipo owerengeka okha ndi amene anafunika opaleshoni yachiwiri. Tsono mawu oti "ibwerera" asatiopseze mpaka kulipira chilichonse chomwe atiuza.

Tsopano za chigamba cha achimwene. Thalauza silipuma. Diaphragm imakwera ndi kutsika pafupifupi ka 20,000 pa tsiku, osapumulako, kuonjezera kutsokomola, kuyetsemula, kusanza ndi kunyamula ndowa. Pakati pa bowolo padutsa njira ya chakudya, yomwe ndi yofewa ndipo nayo imasuntha nthawi iliyonse tikameza. Ikani chinthu cha pulasitiki chosaola pambali pake, chizikhulana nayo zaka khumi. Mwaonapo waya womangidwa pa mtengo wa mango momwe amalowera mu khungwa? Zimachitikanso m'thupi. Mu 2009 madokotala anasonkhanitsa nkhani za odwala 28 omwe meshi ya pamalopa inawavulaza. Pa 17 meshi inadya khoma n'kulowa mkati mwa njira ya chakudya kapena chifu. Pa ena njira inaphwinya moti chakudya chinkakanika kudutsa. Asanu ndi mmodzi anachita kuwachotsa njira ya chakudya. Komanso mtima uli pamwamba pomwepo pa diaphragm, ndipo zinalembedwapo kuti timisomali tomwe ena amakhomera meshi tinaboola mpaka kufika ku mtima.

Zoterezi sizichitika kawirikawiri, ndisakunamizeni. Ambiri oikidwa meshi amakhala osamva kanthu. Koma masamu ake ndi awa: mbali imodzi pali phindu lomwe silinaoneke kuti limakhalitsa, mbali inayo pali ngozi yosowa koma yoti ikagwa imasintha moyo wonse wa munthu. Kwa ine, sikelo imeneyi siyolemera kumbali ya meshi pa wodwala aliyense.

Ndisamveke ngati ndikunyoza meshi yonse. Azakhali ena pagulu paja analumphira mbali inayo, akuti meshi ndi poizoni, anamva kuti ku UK inaletsedwa. Yomwe anaimitsa ku England mu 2018 ndi ya amayi, yoikidwa kudzera ku njira ya abambo pothana ndi vuto la kutaya mkodzo, ndipo mu 2019 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaletsa kugulitsa ya mtundu woika kumeneko pochirikiza ziwalo zotsika. Imeneyo ndi nkhani ina. Ndipo pa hernia ya m'mphechepeche, ya phudzi ija abambo ambiri amabisa, meshi ndi yothandiza kwambiri, imachepetsa kubwerera kwa matendawo. Mu 2016 kafukufuku wa ku Uganda wa amuna 302 anaonetsa kuti ngakhale nsalu ya neti ya udzudzu, yopanda mankhwala komanso yophikidwa bwino m'makina a kuchipatala, inagwira ntchito mofanana ndi meshi yodula ya kufakitale. Chinthu chimodzimodzi, malo osiyana, zotsatira zosiyana. M'mphechepeche meshi imagona pakati pa minofu. Pa diaphragm imagona moyandikana ndi njira yomwe nsima imadutsa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ife opita kunja. Wodwala amakhala kumeneko masabata awiri kapena atatu, n'kukwera ndege kubwerera. Vuto la meshi silibwera sabata yoyamba. Limatha kutulukira patatha zaka, munthu ali kumudzi, wayamba kutsamwa ndi nyama, kenako ndi nsima, kenako ndi phala. Amene anaika meshi ija ali kutsidya kwa nyanja. Kuichotsa ndi opaleshoni yovuta kuposa kuiika, chifukwa imakhala italukana ndi mnofu. Odwala a ku Seattle ndi ku Adelaide aja anali ndi madokotala awo pafupi, owaitana kukajambulidwa. Mayi anga ali ndi ine ndi minibasi.

Safunsa anadya phula. Tinapempha kulankhula ndi dokotala mwiniwake pa vidiyo, osati wa ku ofesi yolandira ndalama. Ndinamufunsa kuti bowo la mayi n'lalikulu bwanji, meshi yomwe akunenayo ndi yosungunuka kapena yokhalitsa, amaimangirira ndi ulusi kapena timisomali, ndipo iye mwini amaiika pa odwala onse kapena ena okha. Anayankha bwino kuposa momwe ndinkayembekezera. Anati sangadziwe asanaone mkati. Minofu ikakumana popanda kukoka mwamphamvu, amangosoka. Ikakhala yopyapyala, yong'ambika ulusi ukangodutsa, kapena bowo likakana kutsekeka, pamenepo amaganizira meshi yosungunuka, yoika kumbuyo osazunguliza njira ya chakudya. Yankho limenelo ndinalilandira, chifukwa likuchokera pa mnofu wa mayi, osati pa pepala la mitengo. Pepala lija ndiye ndikadali nalo chifukwa: n'kulakwa kuika nkhani yotere pamaso pa banja ngati kusankha mpando wa kutsogolo kapena wa kumbuyo mu basi. Banja lililonse lokonda mayi wake lidzaloza mzere wodula.

Tinagwirizana kuti dokotala adzaone yekha ali mkati, ndipo akaika chilichonse alembe dzina lake, mtundu wake ndi momwe wachimangirira pa kalata yotulukira, kuti dokotala wa kuno adzadziwe choyang'ana.

Opaleshoni inachitika. Minofu inakumana, meshi sanaike. Mayi anabwera, panopa ali pa phala ndi mbatata yopota, akudandaula kuti tikuwamana nsima, ndipo pilo yatsala imodzi. Kaya pa zaka zisanu chithunzi chidzaonetsa zotani, manambala aja ndawauza kale kuti asadzadzidzimuke. Malume anabwerera pagulu, ng'ombe yawo ili m'khola, koma Lamlungu lapitali ndinawamva akuuza anzawo kutchalitchi kuti ana a masiku ano anawasokera mlongo wawo popanda chigamba.